Chitini cha nyemba za mzere 47

Ine, amene kuntchito amanditcha Mayi Mizu, wa zaka 44, wokhala m'nyumba za antchito pa munda wa kafukufuku wa mbewu, ntchito yanga ndi yoyeza mizu. Ndikupereka umboni pa mlandu wa mkazi wa mlonda wathu, amene akuti anaba nyemba.

Timabzala mitundu 120 ya nyemba, uliwonse mzere wake. Pakatha masiku 45 ndimakumba zomera zitatu pa mzere, kutsuka mizu, kuiyala pa thabwa n'kuyeza kutalika kwake. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi takhala tikufunafuna mtundu umene mizu yake imatsika kukapeza madzi pansi.

Chaka chino tinabzala m'chilimwe, kenako tinasiya dala kuthirira. Mizere yonse inafota kupatula wa nambala 47. Muzu wake unafika masentimita 86, pamene ina imathera pa 40. Tsiku limene ndinayeza muzuwo mkazi wa mlonda ankadutsa, ndipo ine, pakamwa panga posatseka, ndinamuitana. Ndinati, "Achemwali, taonani, nyemba izi dzuwa sizilidziwa." Anafunsa kuti, "Ngakhale m'munda mwa ife osauka?" Ndinati ee.

Lolemba lapitali, 7 koloko m'mawa, ndinapita kukakolola mzerewo. Ndinapeza wathotholedwa wonse. Ndinathamanga mamita 300 mpaka kunyumba kwa mlonda. Mkaziyo sanakane. Anati, "Sindinaphike ndi imodzi yomwe. Chaka chatha munda wanga unapsa wonse, izi ndasunga zobzala." Anatulutsa chitini chakale cha mkaka wa ana. Nyembazo anali atazisakaniza ndi mbewu yake. Zonse n'zofiira, kukula kwake chimodzimodzi. Ndinakhala pakhonde ola lathunthu kuyesa kusankha, maso anakanika. Zimasiyana ku mizu basi.

Njira yatsala imodzi. Ndibzale chitini chonse, njere iliyonse phando lake, ndisiye kuthirira, ndikumbe m'mbali mwa zosafota kuona muzu. Zimenezi zimafuna masabata asanu ndi anayi opanda mvula, ndipo atsala khumi. Mvula ikagwa, zonse zidzabiriwira mofanana.

Nthawi ya 10 koloko abwana anga anafika ndi apolisi awiri. Ndinagwira chitini ndi manja onse. Wapolisi wamkazi anati, "Mayi, siyani, umenewu ndi umboni. Mudzatenga mlandu ukatha." Ndafunsa kalaliki wa kukhoti, wati mlandu ulowa pakatha miyezi itatu.

Mbewu ina ya 47 kulibe kulikonse. Yomwe inalipo ndinaibzala yonse.

Lero ndi tsiku lachinayi ndikubwera kuno kupolisi. Dzulo munandilola kusuzumira m'chipinda chanu chosungira katundu wa milandu. Chitinicho chili pansi, chotsamira thumba la chimanga chofumbwa. Pa chivindikiro ndinawerengapo anankafumbwe asanu ndi awiri. Akalowa m'kati, pofika tsiku la mlandu mudzakhala ufa wokhawokha.

Ndili ndi mantha, lembani choncho. Mkaziyo ndilibe naye chifukwa, ndinamukopa ndine. Chijambuleni chitinicho, chiyezeni pa sikelo, ndisayina pepala lililonse limene mungandipatse. Ngati n'kugwada, ndagwada kale kwa akuluakulu anu. Mapando 2,600 ndakumba ndekha kuyambira Lachiwiri, ndathirira, angoti yasaa kudikira.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Siginecha ya mboni: ____________________