Pepala Lonunkha Fodya

Omvera anzanga, ine ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya m'mafamu a fodya ku Raffingora, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Temu yatha ndinachonga chimangirizo cha mtsikana wina wa ku komboni ya antchito a pafamu. Pepala lake linali lothimbirira, lonunkha fodya, poti akaweruka amakathandiza amayi ake kusankha fodya kushedi. Ndinaliwerenga mothamanga n'kupereka malikisi 11 pa 30. Malikisiwo anamuchotsetsa pagulu la okalemba mayeso.

Mphunzitsi mnzanga anakopera chimangirizocho papepala loyera, osasintha liwu ngakhale limodzi, n'kulisakaniza ndi mapepala a kalasi yake. Patapita milungu iwiri anandipempha kuti ndimuchongereko. Chimangirizo chomwe chija, osachizindikira, ndinachipatsa 22.

Anayala mapepala awiriwo patebulo panga, nati, "Madamu, kodi mumachonga Chingerezi kapena fungo?"

Inenso ndinakulira ku komboni, ndipo bambo anga anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito ya fodya yomweyi.

Ndinathamangira kwa ahedi, koma mayina a olemba mayeso anali atatumizidwa kale. Aphunzitsi anzanga, pepala la mwana muzilichonga awiri. Mtsikanayo tsopano amakhala kushedi tsiku lonse. Tikakumana panjira amandipatsa moni mwaulemu, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti Chingerezi chinamukanika.