Mlandu wa Bambo Woimba Mluzu

Mafayilo a milandu yakale anali atadzaza mashelefu awiri mu ofesi ya a Wofufuza, ndipo uwu unali mlandu wa nambala 58. Mayi a mapasa anakhala pabenchi, khanda lina kumsana, lina pamiyendo, atatsimikiza mtima kuti akangomva dzina la mkazi amene akuwabera mwamuna, lero lomwe abwerera kwa makolo awo.

"Bambo, mwawatsatira masiku atatu. Mkaziyo ndani?"

A Wofufuza ananyowetsa chala ndi malovu, natsegula kabuku kawo. "Tsamba loyamba. Lolemba. Kunja kunali mitambo."

"Mitambo sinandilande mwamuna ine. Dzina!"

"Mayi, zaka makumi awiri ndili pa ntchito imeneyi, sindinadumphepo tsamba. Odumpha masamba ndiwo amamangitsa anthu osalakwa. Nthawi ya nkhomaliro, amuna anu anatuluka pagalaja pomwe amagwira ntchito. Anasamba m'manja."

"Mwaonatu! Kunyumba amanyamula ana ndi girisi yemwe."

"Kawiri. Ndi sopo."

"Ndinadziwa ine! Mapasa a miyezi inayi m'nyumba, ine ndikuyenda ngati nkhuku yachitopa, iwo kumabwera madzulo akuimba mluzu, nkhope ili see! Alipo akuwasamala."

"Nyimbo yake sindinaizindikire. Ndangolemba kuti mluzu."

"Mkazi alipo kapena palibe?"

"Alipo. Pa tsamba lachitatu."

"Ndiye tsegulani lachitatulo!"

"Tili pa lachiwiri. Anadutsa pa malo okwerera basi, nakhotera kumanzere. Ine pambuyo. Analowa mu shopu ya..."

"Ndi wokongola?"

"Kukongola sindimalemba, mayi, kulibe sikelo. Ndimalemba zimene maso aona. Magalasi, juzi yobiriwira."

"Ndi wamng'ono kwa ine?"

"Chiphaso chake sindinachione."

Mayi a mapasa analuma mlomo. Khanda lakumsana linayamba kunyinyirika, iwo n'kumalisisita ndi dzanja limodzi osacheuka. Akanakhala ndi dzanja lachitatu, kabuku kaja kakanatulukira pawindo.

"Tsamba lachitatu," anatero a Wofufuza monyadira, ngati munthu wafika pamwamba pa phiri. "Mkaziyo anawalandira ndi kumwetulira. Anawatengera kuchipinda chakumbuyo. Chitseko chinatsekedwa."

"Mayo ine! Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Ola lathunthu."

"Inu muli phee panja, kumalemba mitambo?"

"Ayi ndithu. Ndinazungulira kuseri, n'kukwera pa ndowa. Kale mpanda ndinkangoulumpha, koma bondo ili lasiya kugwirizana nane. Ndowayo inali yachitsulo, yobooka pansi."

"Zandowa zisiyeni! Pawindo munaona chiyani?"

"Matiresi."

Mayi anadzuka, khanda lapamiyendo lili m'khwapa. "Basi, ndamva. Ndikukatenga zovala zanga."

"Khumi ndi anayi."

"Chiyani?"

"Matiresi khumi ndi anayi, osanjikizana, onse ali m'mapulasitiki. Ndinawerenga kawiri."

"Mkazi mmodzi, matiresi khumi ndi anayi? Ndi mkazi wamtundu wanji ameneyo?"

"Wogulitsa matiresi. Ndi shopu, mayi. Zinali pa tsamba lachiwiri, koma munandidula pakamwa."

Mayi anakhalanso pabenchi pang'onopang'ono. "Amuna anga anali pati?"

"Pamwamba penipeni. Nsapato atavula, ataziyika bwinobwino pakhomo. Manja pachifuwa, kukamwa kuli yasa."

"Nanga wajuziyo?"

"Kutsogolo, akugulitsa mapilo."

"Ola lonselo?"

"Lonse. Anagulitsa atatu. Ola litakwana, anabwera ndi tsache n'kuwagogoda kuphazi kuti adzuke azipita kuntchito. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi, kungoti mvula inagwa."

"Iyayi, pali china. Mkazi sangangopereka matiresi kwa mwamuna wa mwini."

"Tsamba lachinayi. Ndinacheza ndi mlonda wapashopupo. Lole ikabwera ndi katundu, amuna anu ndiwo amatsitsa. M'malo mwake mayiwo amawalola kupumako. Akuti amawamvera chisoni, chifukwa nawonso ali ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi."

"Zidzukulu! Bwanji osanena poyamba kuti ndi nkhalamba?"

"Munandifunsa zaka. Zaka sindikuzidziwa."

A Wofufuza anatseka kabuku, nalemba 58 pachikuto ndi dzanja lodekha. "Choncho mlandu watha. Chibwenzi palibe. Amuna anu ndi oyera ngati pepala. Pa milandu yonse ili m'mashelefuwa, wotha bwino chonchi ndi wachiwiri."

Mayi a mapasa anali kuyesa kukumbukira tsiku lomaliza limene iwo anagona ola lathunthu popanda wina kulira. Sanalipeze.

"Ankaliza mkonono?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kwambiri. Ndowa inkachita kunjenjemera."

"Pilo amawapatsa?"

"Awiri."

Mayi anaimirira, namangitsa nsalu yoberekera, nanyamula chikwama cha matewera. "Zikomo, bambo. Ndikupita kwa amayi anga."

A Wofufuza anadzambatuka, bondo n'kulira kuti khwaa. "Iii, mayi! Simunamve? Ndati mkazi palibe!"

"Mkazi ndikanakhululuka, bambo," anatero mayi a mapasa ali pakhomo. "Koma tulo! Ola lathunthu, tsiku ndi tsiku, pa matiresi khumi ndi anayi, osandiitanako ine?"