Tsiku limene anapha telala wa pa kanema

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Dzina langa sinditchula, mundikhululukire. Ndine mlimi wa fodya kuno kwa Wimbe, ndimaimba kwaya, ndipo ndine mwamuna wokonda amuna anzake. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandilanditsira chaka chimene ndinatopa ndi moyo chifukwa cha sewero la pa kanema. Inde, sewero. Sekani ngati mukufuna, ine panthawiyo sizinali zoseketsa.

Aphunzitsi ena a pasukulu yathu anali ndi kanema woyendera batire, ndiye Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tinkadzazana pakhonde pawo. M'seweromo munali telala wina wokonda amuna anzake ngati ine. Anali waulemu, ankasamala amayi ake odwala, ndipo ine ndinkapalasa njinga ngati ndikuthawa moto kuti ndisaphonye ngakhale kutsokomola kwake. Chibadwire ndinali ndisanaonepo munthu ngati ine akukhala moyo wake ngati wina aliyense.

Kenako olemba seweroli anayamba kumusandutsa choseketsa anthu. Pomaliza gulu la amuna linamumenya mpaka kufa, ndipo sabata yotsatira palibe anamutchulanso, ngakhale maliro ake sanaonetse. Tsiku limene anamuphalo, pakhonde paja anthu anaomba m'manja, ena mwa iwo anzanga a kwaya. Nanenso ndinaomba nawo poopa kuti angandizindikire, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kuposa zonse.

Chakudya chinasiya kulowa. Ndikachoka kothirira nazale ya fodya, maso anga ankangothamangira pa botolo la mankhwala opopera limene tinkasunga m'chigafa choyanikamo fodya. Pemphero linanditsalira limodzi lokha, lamumtima: Ambuye, ngati muli nawo malo a munthu ngati ine, ndionetseni, chifukwa ndatopa.

Sabata yomweyo makuponi a fetereza anatuluka. Amalume anga, munthu wouma pakamwa amene sayamikira ngakhale fodya wabwino chotani, anandiuza kuti ndiwaperekeze kukanyamula matumba. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linafika paliwombo. Mwadzidzidzi, osandiyang'ana n'komwe, amalume anayankhula.

"Sewero lija ine ndasiya kuonera. Munthu mmodzi yekha wosamala mayi ake ndi amene amupha, anthu n'kumaomba m'manja. Zopusa."

Mzere unasuntha pang'ono, ifenso tinasuntha. Kenako anatsitsa mawu.

"Botolo lija ndachotsa m'chigafa. Iwe mphwanga ndakulera ndekha, ndinakudziwa kalekale. Ukafuna kulira uzibwera kunyumba kwanga."

Abale anga, ndinangotsamira njinga. Ndinachita mantha, osati ndi amalume, koma ndi Mulungu. Pemphero limene silinatuluke pakamwa panga Iye analimva, ndipo sanatume m'busa kapena mngelo. Anatuma munthu amene ndinkamuopa kuposa onse, pakati pa fumbi ndi phokoso la anthu olimbirana fetereza.

Sindinganame kuti zonse zinatha. Onyoza akunyozabe, ndipo pa kanema anthu ngati ife akadali oseketsa kapena ophedwa. Koma ndili moyo, ndikulima, ndikuimba, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anandiona.

Iwe amene watopa ngati mmene ndinatopera ine, chonde pirira, usadzipweteke. Mwina amene akukudziwa ndi kukukonda ali pakhomo panu pomwepo, akungosowa poyambira.