Chitsulo cha Mfuti ya Ettore

Pa siteji ya basi ku Gardone, tauni ya amisiri opanga mfuti, mdala wina ankayang'anitsitsa pepala lojambulidwa zitsulo ziwiri. Bambo wovala chipewa cha alenje anasuzumirapo.

"Agogo, si zotsekera chipolopolo izi? Mukupangitsa mfuti?"

"Eya, yoombera patali koma yopepuka. Mmisiri akuti ndisankhepo chimodzi."

"Tengani cholemerachi. Mfuti yamphamvu ikapepuka imamenya theche ngati bulu. Phewa lanulo lingaguluke!"

"Mwana wanga Ettore ankafuna chopepukachi. Ankati, 'Ababa, mukuwefuka kwambiri pokwera phiri kokasaka, ndikupangitsirani yosatopetsa.'"

"Basi mumvereni mwanayo. Ali kuti?"

"Tinamuika m'manda mu Epulo. Mtima unangoima."

"Ayi ine! Pepani, agogo. Nanga kuphiriko muzipita ndi ndani?"

"Sindipitakonso. Mawondo anakana kalekale, ndinkangokwera chifukwa cha iye."

"Ndiye mukuvutikiranji? Kamuuzeni mmisiriyo asiye."

"Kwathu n'kutali, za malirozo sanamve. Mwezi uliwonse ndimabwera, ndimati sindinasankhebe. Iye amaseka, amvekere, 'Ettore ali bwanji? Muuzeni afulumire!' Achimwene, dziko lonseli watsala yekhayo wondifunsa choncho."