Majombo a Bambo Afika Okha

Lero ndi Lachinayi, mwezi wa Juni, 1997. Ndadzuka mtima uli m'mwamba chifukwa dzulo ambulansi inadutsa kuno ku Chaneng, mudzi wa pafupi ndi mgodi, ndipo bambo anga amagwira ntchito pansi mumgodi.

Nditangofika kuchokera kusukulu, mnzawo wa bambo, wa ku Tete, anabwera atanyamula majombo ndi ovolosi ya bambowo. Omvera anzanga, kuno zovala zikafika popanda mwini wake, aliyense amadziwa kuti zavuta. Amayi anangodzigwetsa pakhomo n'kuyamba kulira. Ine ndinakumbukira kuti m'mawa bambo sindinawatsanzike.

"Alamu, tamverani kaye!" anatero mnzawoyo, koma oyandikana nafe anali atayamba kale kutulutsa mipando.

Kenaka bambo anatulukira atasenza TV pamutu, thukuta lili kamukamu. "Wamwalira ndani?" anafunsa.

"Inuyo!" anakuwa amayi. "Munthu n'kutsogoza majombo?"

"Nanga ndikananyamula bwanji zonse? Manja ndi awiri okha."

Anthu anaseka, koma ine TV-yo sindinaiyang'ane n'komwe. Mawa ndidzuka limodzi ndi bambo m'bandakucha, ndiwapatse ndekha majombowo, ndiwatsanzike bwinobwino.