Chofunda Cholemera cha Shamroz

Pa siteji ya basi ku Kohat, mkulu wina dzina lake Shamroz ankaodzera atatsamira thumba la ufa. Pambali pake panakhala bambo wachilendo atakumbatira bokosi.

"Zipolopolo zimenezo," anatero Shamroz. "Ndaonera kanyamulidwe."

"Kukonzekera, madala. Za mawa sizidziwika."

"Inenso ndinkagula mwezi ndi mwezi, tikulimbirana munda ndi banja la kutsidya. Mayi a kunyumba ankazisokerera m'chofunda chathonje kuti zisachite dzimbiri. Chinkalemera ngati mwala wa pamanda. Ndikachifunda ndinkalota anthu akukwera mpanda."

"Nanga pano?"

"Pano ndimafunda chopepuka. Ndimalota ndikuuluka pamwamba pa mapiri, nkhosa zanga zili pansi ngati mpunga womwazika."

"Munazigulitsa?"

"Ayi. Akuluakulu anatiyanjanitsa, kenaka mwana wanga Torpekai anakwatiwa kutsidya komweko. Chofunda chija chinapita ndi katundu wa mkwatibwi."

"Zipolopolo zanu zonse m'nyumba ya adani? Analakwitsa chotero ndani?"

"Nanenso ndinkayesa kuti wina walakwitsa. Nditapita kukamuona Torpekai, ndinamunong'oneza kuti andibwezere. Iye anangonditsirira tiyi, amvekere, 'Ababa, ndinachitenga dala. Chikanatsala kwanu, tsiku lina ndikanalira mwamuna wanga. Kuno palibe akudziwa zili m'katimo.'"

"Ndiye amafunda ndani?"

Shamroz anamwetulira, maso ali chitsinzinire.

"Apongozi ake, mdani wanga uja. Akuti masiku ano akumalota anthu akukwera mpanda."