Malabala a Mashoki Akumbuyo

Galimoto ya bambo inagulidwa ine ndisanabadwe, ndipo inasankha sabata la ukwati wa mkulu wanga kuti iyambe kugogoda kumbuyo. Akuchimuna atanena mwaulemu kuti angathe kubwereka ina yonyamula mkwatibwi, bambo anamva chipongwe, n'kundikokera kusitolo ya masipeya kukagula malabala ogwirira mashoki akumbuyo.

Wogulitsa anali bambo wamagalasi, wosafulumira pakamwa.

"Kumbuyo kwanu kumalira bwanji, bambo?"

"Kwanga sikulira. Kukulira ndi kwa galimoto."

"Komweko. Kumati gu-gu, kapena tswi-tswi?"

Bambo anati sanabwere kudzaimba nyimbo. Akufuna zolimba, basi.

Wogulitsa anaika mabokosi awiri patebulo. M'limodzi munali malabala akuda. Anafinya limodzi ndi chala, n'kubwerera m'malo mwake. M'linalo munali ofiira. Anatenga limodzi n'kugogoda nalo patebulo, likulira ngati mwala. Anati ofiirawo satha msanga, koma dzenje lililonse la mumsewu amalipereka lathunthu kwa wokhala kumbuyo. Akudawo amalimeza dzenjelo, ndipo galimoto yokalamba, yotopa zitsulo, imagwirizana nawo.

"Ine ndati zolimba."

"Kulimba kwake kuti? Kosatha msanga, kapena kosafinyika?"

"Kulimba n'kulimba, achimwene. Zolimba ngati ine."

Wogulitsa anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, anaima pang'ono pamimba, n'kuwakankhira bokosi la ofewa. Bambo analibweza ndi chala chimodzi. Ine ndinayamba kuwerenga zolembedwa pa chigubu cha oyilo mwachidwi chachikulu.

"Kumbuyoko kukhala ndani?" anafunsa wogulitsa.

"Mwana wanga. Mkwatibwi."

"Amalemera bwanji?"

Bambo anavula chipewa n'kuchivalanso. Anati mwana wawo si thumba la simenti loti munthu azifunsa kulemera kwake. Wogulitsa anavomera kuti n'zoona, simenti sidandaula, ndipo akanakhala simenti akanawagulitsa ofiirawo osafunsa kawiri.

Apa bambo anakwera mawu. Anati mwanayo anakulira pampando womwewo, mutu wake unagunda denga kosawerengeka, koma sukulu anamaliza bwinobwino, mpaka wapeza mwamuna.

"Dengalo linabonyoka?"

"Ayi."

"Likanabonyoka, tili nalo."

"Kulungani ofiirawo," anatero bambo, akumenya patebulo ndi makiyi. "Akuchimuna aone kuti kwathu timaika zinthu kamodzi."

Wogulitsa anang'amba pepala n'kuyamba kukulunga pang'onopang'ono. Anawalimbitsa mtima kuti iwo monga oyendetsa sadzamva zambiri, poti mpando wakutsogolo uli kutali ndi mashokiwo. Adzangomva kufuula kwa akumbuyo, ndipo wailesi akaikweza, nakonso kudzachepa.

Ndinaika chigubu pansi. Ndinawauza kuti amayi anakonza kale zonse: oyendetsa ndi amalume, poti bambo a mkwatibwi sangafike thukuta lili kamukamu musuti. Iwo adzakhala kumbuyo, pambali pa mwana wawo, msewu wonse wa fumbi wopita kuholo.

"Kumbuyo kwenikweni?"

"Pamwamba pa shoki yakumanzere," anathandiza wogulitsa, akumanga chingwe.

Dzanja la bambo linapita lokha kumsana n'kuyamba kusisita.

"Achimwene, mukukulunga chiyani? Chilowereni muno ndakhala ndikunena kuti ndikufuna zofewa."